Mlendo ndi Kalumo Kake: Chuma cha Mabungwe Achifundo ndi Sayansi m'Chigwa cha Domasi

Akuluakulu akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyambi iwiriyi imamveka ngati ikutsutsana, koma yonse ndi yoona, ndipo m'chigwa cha Domasi m'boma la Zomba ndi momwe imakumanirana bwino. Kwa zaka pafupifupi 100 tsopano, chigwa chimenechi chakhala chikulandira alendo odza ndi chuma chothandizira maphunziro ndi kafukufuku wa sayansi. Ena adatumidwa ndi maboma a kwao, koma ena adadza ndi ndalama za mabungwe achifundo omwe adakhazikitsidwa ndi anthu olemera a maiko akutali. Nkhani ino ikuunika mphatso za mabungwe otere. Mfundo yake ndi imodzi: mphatso ya maphunziro siyesedwa ndi kuchuluka kwa ndalama, koma ndi mayankho a mafunso atatu. Kodi funso lofufuzidwalo ndi la yani? Kodi nzeru zopezekazo zifikira yani? Nanga mlendo akachoka, adzatsala ndani wodziwa kunola kalumoko?

Poyamba tiyenera kumvetsa kuti bungwe lachifundo la mtundu umenewu n'chiyani. Munthu akalemera koposa, nthawi zina amapatula gawo la chuma chake n'kuliika m'thumba lapadera. Chumacho sachidya chonse ayi. Amachilowetsa m'malonda, ndipo phindu lake ndilo limagawidwa chaka ndi chaka. Andrew Carnegie, yemwe adalemera ndi malonda a zitsulo ku America, adakhazikitsa Carnegie Corporation m'chaka cha 1911. John D. Rockefeller, mpondamatiki wa mafuta okumba pansi, adakhazikitsa Rockefeller Foundation mu 1913. Ku Britain, chuma cha William Lever wopanga sopo chidabala Leverhulme Trust mu 1925, ndipo cha Henry Wellcome wopanga mankhwala chidabala Wellcome Trust mu 1936. Oyendetsa matumba amenewa sasankhidwa ndi anthu pachisankho, ndipo sapempha chilolezo cha Nyumba ya Malamulo asanagawe ndalama. Apa ndi pamene pali mphamvu yawo, chifukwa amatha kuyesa zinthu zomwe boma likuopa kapena kunyozera. Apanso ndi pamene pali ngozi, chifukwa akalakwitsa, wolandirayo alibe bwalo lokadandaulako.

Mtsinje wa Domasi umachokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa, n'kutsetsereka chakum'mawa mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. M'chigwa chake amishoni a Church of Scotland adatsegula mishoni m'chaka cha 1884. Pa nthawi imeneyo, ndi kwa zaka zambiri zotsatira, sukulu zonse m'dziko la Nyasaland zidali m'manja mwa amishoni. Boma la atsamunda lidayamba kuthandizako mu 1907, koma linkapereka mapaundi 1,000 okha pachaka kuti mishoni zonse zigawane. Anthu ankakhoma msonkho wa nyumba, koma msonkhowo sunkabwerera kwa ana awo ngati maphunziro. M'dziko losowa chotere, aliyense wodza ndi thumba la ndalama amamveka mawu kuposa mwini mudzi.

Mu 1924 kudafika gulu la akatswiri lotumidwa ndi bungwe la Phelps-Stokes Fund la ku New York kudzaona sukulu za kum'mawa ndi pakati pa Africa. Mtsogoleri wake adali Thomas Jesse Jones, ndipo m'gulumo mudalinso James Aggrey, mphunzitsi wotchuka wa ku Gold Coast, dziko lomwe lero ndi Ghana. Lipoti lawo lidatuluka mu 1925. Lidadzudzula boma chifukwa chonyalanyaza maphunziro, ndipo chaka chotsatira, mu 1926, boma lidakhazikitsa dipatimenti ya zamaphunziro. Ichi chidali chabwino ndithu. Koma lipotilo lidadzanso ndi chiphunzitso chake. Lidati mwana wa mu Africa aphunzire zogwirizana ndi moyo wa kumudzi: ulimi, ukhondo, ntchito zamanja ndi kasamalidwe ka banja. Maganizo amenewa adatengedwa ku sukulu za Hampton ndi Tuskegee, zomwe zinkaphunzitsa anthu akuda kum'mwera kwa America pa nthawi ya tsankho.

Chipatso cha maganizo amenewa chidagwera ku Domasi. M'chaka cha 1929 boma lidatsegula sukulu yotchedwa Jeanes Training Centre mothandizidwa ndi ndalama za Carnegie Corporation. Dzinalo ndi la Anna Jeanes, mayi wolemera wa ku Philadelphia, yemwe mu 1907 adapereka madola 1 miliyoni kuti athandize sukulu zakumidzi za anthu akuda ku America. Sukulu yoyamba ya mtundu umenewu mu Africa idatsegulidwa ku Kabete m'dziko la Kenya mu 1925. Ku Domasi kunkabwera aphunzitsi osankhika pamodzi ndi akazi awo ndi ana awo, n'kumakhala m'mudzi wachitsanzo. Amuna ankaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi ndi zaumoyo. Akazi ankaphunzira kulera ana, kusoka ndi kusamala pakhomo. Akamaliza ankabwerera kwao kukayendera sukulu za m'midzi ndi kulangiza aphunzitsi anzawo. Kuyambira mu 1934 mafumu nawonso ankaitanidwa kudzachita maphunziro a miyezi ingapo.

Tikhala osalungama tikanena kuti ntchito imeneyi idali yachabe. Chimbudzi chokumbidwa bwino, chitsime chotetezedwa ndi mizere yotchinga madzi m'munda ndi zinthu zopulumutsa moyo. Kuphunzitsa mkazi pamodzi ndi mwamuna wake kudali kuona patali, makamaka m'nyengo yomwe atsikana ambiri sankaponda pakhomo la sukulu. Ndiponso sukulu ya Jeanes ndiyo idapatsa Domasi mbiri yokhala kuchimake kwa aphunzitsi. M'dera lomwelo lero muli Malawi Institute of Education, komwe amakonza masilabasi ndi mabuku a sukulu, ndi Domasi College of Education, yomwe kuyambira mu 1993 yakhala ikusula aphunzitsi a sekondale. Mbewu yomwe idafesedwa ndi ndalama za mlendo idamera, ndipo mthunzi wake tikukhalamo mpaka lero.

Komabe tikafunsa funso lathu loyamba, yankho lake n'lowawa. Funso lomwe sukulu ya Jeanes inkayankha silidali la anthu a m'chigwamo. Lidali la atsamunda ndi la eni thumba: kodi munthu wakuda tingamuphunzitse bwanji kuti akhale wathanzi ndi wolimbika ntchito, koma osasuntha pamalo pomwe tamuika? Ku America komweko, W. E. B. Du Bois, katswiri wamaphunziro wachikuda, adatsutsa kwambiri maganizo a Jones poona kuti ankatsekera anthu akuda njira ya maphunziro apamwamba. Kuno kwathu, mabungwe a eni dziko omwe ankatchedwa Native Associations ankapempha sukulu zapamwamba, ndipo Levi Mumba, yemwe pambuyo pake adakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, adalimbikira pempho limeneli m'zaka za m'ma 1930. Yankho lidachedwa. Sekondale yoyamba, ya Blantyre, idatsegulidwa mu 1940. Ya Zomba Catholic mu 1942. Ya Dedza mu 1951. Kuchokera 1929 kufika 1940 padapita zaka 11, ndipo ana onse anzeru omwe adakula m'zaka zimenezo adapeza denga litawatsikira pamutu.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuphunzitsa malangizo ndi kuphunzitsa sayansi. Malangizo amati: wiritsa madzi usanamwe. Sayansi imafunsa: m'madzimo muli chiyani, tingachione bwanji, ndipo moto umachitani kwa chinthucho? Wophunzira malangizo amadikira kuti wina amuuze chochita. Wophunzira sayansi amatha kupeza chochita pa vuto lomwe mphunzitsi wake sadaliganizireko. Maphunziro a Jeanes adali odzaza ndi malangizo abwino, koma sadakonzedwe kuti atulutse dokotala, injiniya kapena wofufuza. Motero pamene dziko lidalandira ufulu mu 1964, Amalawi a digiri adali owerengeka chabe, ndipo yunivesite yatsopano idayenera kudalira aphunzitsi akunja. Sitinganene kuti bungwe limodzi ndilo lidachititsa zonsezi. Mlandu waukulu ndi wa boma la atsamunda. Koma ndalama za bungwelo zidapatsa boma chofunda chokongola chobisira umbombo wake.

Tsopano titsike ndi mtsinje wa Domasi mpaka kumathiriro ake, kuti tione mphatso ya mtundu wina. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo n'njosaya. Imadyetsa mabanja ambirimbiri ndi matemba, makumba ndi milamba. Kuyambira mu 1966 mpaka mu 1976, akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, adachita kafukufuku wogwirizana pa nyanjayi, ndipo mwa omwe adathandiza ndi ndalama mudali Leverhulme Trust. Kafukufukuyu ali mkati, nyanja idauma mu 1968. Kwa asodzi lidali tsoka, koma kwa ofufuza udali mwayi woona ndi maso momwe nyanja imafera ndi momwe imadzukira. Adayesa kuya kwa madzi ndi mchere wake, adawerenga tizilombo ta m'matope, adatsata zomera za m'madambo, ndipo adalondola komwe nsomba zidathawira.

Zomwe adapeza n'zofunika mpaka lero. Adaonetsa kuti kuuma kwa Chilwa si chinthu chachilendo, koma chizolowezi cha nyanjayo chobwera mvula ikachepa kwa zaka zotsatizana. Adaonetsanso kuti nsomba sizitheratu: zimabisala m'madambo ndi m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjamo monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, ndipo madzi akabwerera zimaswana n'kudzazanso nyanja. Tanthauzo lake n'lakuti wopha nsomba ndi katupe m'dziwe la mtsinje m'chaka cha chilala akudya mbewu ya nyanja yonse. Pamene Chilwa idaumanso mu 1995, a dipatimenti ya zausodzi pamodzi ndi mafumu adaika mtima pa kuteteza nsomba zotsalira m'mitsinje. Mu 1996 nyanjayi idalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa pangano la Ramsar. Apa funso lidali lathu ndithu, chifukwa msodzi aliyense wa ku Kachulu kapena pachilumba cha Chisi akadafunsa lomwelo: kodi nyanja yathu idzabwerera?

Koma funso lathu lachiwiri likutiyembekeza: nzeruzo zidafikira yani? Zotsatira za kafukufukuyu zidasonkhanitsidwa m'buku lalikulu lomwe lidasindikizidwa ku Netherlands mu 1979, m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo akonzi ake onse atatu adali ochokera kunja. Buku lotere limapezeka m'malaibulale a mayunivesite, osati m'sukulu za m'mbali mwa nyanja. Mwana wa msodzi angathe kuloweza pamtima za mitsinje ya ku Ulaya, osadziwa kuti nyanja ya kwao idafufuzidwa mozama kwa zaka khumi. Cholakwa chimenechi si cha ofufuza okha. Mabungwe opereka ndalama amayesa kupambana kwa ntchito poona zomwe zasindikizidwa m'magazini a akatswiri, ndipo wofufuza amatsata komwe kuli mphotho. Kumasulira nzeruzo m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndi kuziika m'buku la sukulu, ndi ntchito yomwe kawirikawiri imasowa mwini.

Chitsanzo chachitatu chili m'chigwa momwemo, pa malo a boma ofufuzira ulimi wa nsomba omwe lero amatchedwa National Aquaculture Centre. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kudafika bungwe la ICLARM, lomwe tsopano limadziwika kuti WorldFish. Bungweli lidabadwa m'zaka za m'ma 1970 ndi chithandizo cha Rockefeller Foundation, ngakhale kuti ntchito yake ya ku Domasi inkayenda ndi ndalama za boma la Germany. Zimenezi zikutionetsa njira ina yomwe mabungwe achifundo amagwirira ntchito: amabala mwana, ena n'kumulera. Ofufuza adapeza kuti njira zoweta nsomba zochokera kunja zinkafuna chakudya chogula ndi feteleza, zinthu zomwe mlimi wa kumudzi sakadakwanitsa. Choncho adatembenuza funso. M'malo mofunsa kuti nsomba imafuna chiyani, adafunsa kuti mlimi ali ndi chiyani pakhomo pake.

Yankho lidali madeya, masamba a ndiwo otsala m'dimba, udzu wa nsenjere, ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku. Zimenezi zikaikidwa m'dziwe zimadyetsa makumba ndi chilunguni, kapena zimameretsa tizomera ting'onoting'ono tomwe nsombazo zimadya. Matope a pansi pa dziwe amabwerera kudimba ngati manyowa, ndipo madzi ake amathirira ndiwo m'chilimwe. Alimi ankaitanidwa kudzaona zoyeserazo, n'kusankha okha zomwe akayese kwao, ndipo ofufuza ankawatsatira kukaona momwe azisinthira. M'chilala cha 1992 kudaoneka kuti mabanja okhala ndi maiwe adapirira bwino kuposa anzawo, chifukwa chinyontho cha dziwe chidasunga dimba. Si kuti mavuto onse adatha. Nsomba za m'maiwe ambiri zimakhalabe zazing'ono, ndipo mbewu yabwino ya nsomba ndi chakudya chake n'zosowabe kwa alimi ambiri. Koma apa mlimi adali mnzake wa wofufuza, osati chotengera chongothiramo malangizo, ndipo Amalawi omwe adayambira ntchito pamalopa adakula n'kukhala akatswiri otsogolera anzawo.

Phunziro lomweli timalipezanso m'mbiri ya chimanga, chomwe ndi chakudya cha m'chigwa cha Domasi monga chilili cha dziko lonse. Kwa zaka zambiri alangizi ankadabwa kuti alimi ang'onoang'ono akukaniranji chimanga cha haibulidi chomwe chinkabereka koposa cha makolo. Ena ankati ndi umbuli. Koma amayi ankadziwa chifukwa chake. Haibulidi wa nthawi imeneyo adali wofewa njere: pokonola mumtondo ankaphwanyika n'kupita ku madeya, ndipo m'nkhokwe ankafumbwa msanga. Mu 1990 akatswiri a ku Chitedze adatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18 zolimba njere, atagwiritsa ntchito mbewu za bungwe la CIMMYT la ku Mexico, lomwe mizu yake ili m'ntchito yomwe Rockefeller Foundation idayamba m'dzikolo mu 1943. Alimi adazilandira. Chidasintha si nzeru za mlimi ayi. Ofufuza ndiwo adayamba kumvera mtondo ndi munsi.

Pa zaumoyo, chitsanzo chachikulu chili ku Blantyre, mtunda wosatalika kuchokera ku Zomba. Mu 1995 padakhazikitsidwa mgwirizano wa kafukufuku wa College of Medicine, masukulu a ku Liverpool ndi Wellcome Trust, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth Central. Kuyambira mu 2018 ofufuza a kumeneko adayesa katemera wa taifodi pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, ndi ndalama za Bill & Melinda Gates Foundation. Zotsatira zomwe zidalengezedwa mu 2021 zidaonetsa kuti katemerayo adachepetsa matendawa ndi magawo pafupifupi 80 mwa magawo 100 alionse, ndipo mu 2023 boma lidayamba kumupereka m'dziko lonse. Mwana wa ku Domasi yemwe adabayidwa katemerayo adapindula ndi chuma cha munthu yemwe sadzamuona. Wonyoza mphatso yotere ndi wosayamika. Chofunikanso kuona n'chakuti mgwirizanowu wakhala zaka zoposa 25, nthawi yokwanira kuti mwana yemwe adabadwa pomwe unkayamba akule n'kukhala wofufuza.

Nthawi ndiyo imatifikitsa pa funso lachitatu. Mphatso zambiri za kafukufuku zimaperekedwa kwa zaka zitatu kapena zisanu. Koma mtengo wa mbawa sukula m'zaka zisanu, ndipo katswiri sasulidwa m'zaka zisanu. Amayambira ku pulayimale, adutse sekondale yokhala ndi labotale, apite ku yunivesite, kenako aphunzire kufufuza pansi pa wina wodziwa. Mabungwe ambiri amakonda kuthandiza kunsonga kwa mtengo umenewu, komwe kuli zipatso zooneka, osati kumizu. Amakondanso kugula zinthu zomwe angazijambule: nyumba, galimoto, makina. Koma ndalama zolipira mphunzitsi mwezi ndi mwezi, zogulira mankhwala a m'labotale akatha, zokonzetsera makina akawonongeka, zimenezo amati ndi za boma. Zotsatira zake n'zodziwika m'madera ambiri: chikwangwani cha ntchito chimatsala m'mbali mwa msewu chikuchita dzimbiri, makina ali m'chipinda chokhoma chifukwa kachitsulo kamodzi kadathyoka, ndipo wophunzitsidwa bwino uja adapita komwe kuli malipiro.

Vuto la kumizu ndi lalikulu kuno kwathu. Pamene maphunziro a ku pulayimale adakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Pofuna kulandira khamu limeneli, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma lidasandutsa malo ophunzirira maphunziro a makalata kukhala masekondale oyendera a m'madera. Ambiri mwa masukulu amenewa adayamba opanda labotale ndiponso opanda aphunzitsi a sayansi okwanira. Wophunzira woloweza kuti asidi amasintha mtundu wa kapepala koyesera, koma asadakaonepo kapepalako, wabwerera ku maphunziro a malangizo aja a 1929. Kuyambira mu 2004 koleji ya Domasi idakhala likulu la ntchito yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi yotchedwa SMASSE, mothandizidwa ndi boma la Japan, ndipo imodzi mwa mfundo zake idali yoti mphunzitsi azipanga zipangizo zoyesera ndi zinthu zopezeka pafupi. Imeneyi ndi nzeru ya madeya ija italowa m'kalasi.

Wina angatsutse kuti wopempha sasankha, ndipo kuti dziko losauka liyenera kungolandira ndi manja awiri. Mawu amenewa ali ndi mbali yoona: kuyamika ndi khalidwe lathu, ndipo palibe yemwe adakakamiza eni chuma aja kuti aganizire ana a ku Malawi. Koma kafukufuku si nsima yoti wina akuphikire, iwe n'kungodya. Wofufuza wakunja amafuna nyanja yathu, minda yathu, odwala athu ndi nthawi ya anthu athu. Popanda zimenezi alibe cholemba. Mayi yemwe adalola mwana wake kulowa m'kafukufuku wa katemera adapereka chinthu chamtengo wapatali kuposa ndalama. Choncho pamphasa pamene pakukambidwa za kafukufuku sipakhala wopereka ndi wopempha, koma anthu awiri omwe aliyense wadza ndi chake. Mwini mudzi ali ndi ufulu wofunsa kuti ntchitoyi ikatha, adzatsala ndi chiyani m'manja.

Ufulu umenewu umalimba pokhapokha nafenso titaponyapo chathu. Khasu lobwereka mwini amaliitanitsa dzuwa lili pamutu, munda usadathe. Mu 2025 Bill Gates adalengeza kuti bungwe lake lidzatseka ntchito zake pofika kumapeto kwa 2045, ndipo m'chaka chomwecho boma la America lidathetsa bungwe lake lothandiza maiko ena la USAID. Mame aja akamuka tikuona. Mu 2007 atsogoleri a maiko a mu African Union adagwirizana kuti dziko lililonse liziika gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chake pa kafukufuku, koma maiko ambiri sadafikepo. Malawi adakhazikitsa lamulo la sayansi ndi luso mu 2003, lomwe lidabala National Commission for Science and Technology, ndipo mu 2014 adatsegula yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo. Tilinso ndi thumba lachifundo lathulathu, Press Trust, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1982 ndipo lathandiza kumanga sukulu ndi zipatala. Maziko alipo. Chotsala n'chakuti boma, makampani ndi Amalawi opeza bwino aone kafukufuku ngati munda wawo, osati wa alendo.

Ndalama zathu, ngakhale zichepe, zili ndi ntchito yomwe za mlendo sizingagwire. Zingathe kulipira mafunso omwe kunja saamva kukoma kwake: chifukwa chiyani mtsinje wa Domasi umadzaza mchenga mitengo ya m'phiri ikadulidwa, ndi mitengo iti yomwe ingagwire nthaka msanga, likodzo lingachepetsedwe bwanji pakati pa olima mpunga osawaletsa kulowa m'madzi, matemba angaumitsidwe bwanji osatha nkhuni. Zingathenso kusunga ntchito yosatchuka koma yofunika, monga kuyesa mvula ndi kuya kwa nyanja tsiku ndi tsiku kwa zaka makumimakumi. Kaundula wotere sapatsa munthu mbiri, koma popanda iye palibe yemwe angachenjeze asodzi kuti chilala chikubwera. Ndipo dziko lomwe laikapo ndalama zake limakhala ndi mawu posankha mutu wa kafukufuku.

Chigwa cha Domasi chatisonyeza mphatso zitatu. Ya 1929 idadza ndi mayankho okonzeratu, ndipo ngakhale idachita zabwino, idaika malire pa zomwe mwana wa m'chigwamo angalakelake. Ya pa nyanja ya Chilwa idafunsa funso loyenera, koma yankho lake lidasungidwa kutali ndi eni funso. Ya pa maiwe a nsomba idayamba ndi kumvera mlimi, ndipo idasiya anthu odziwa kupitiriza. Inu ophunzira a sekondale a lero ndinu omwe mawa mudzalembe makalata opempha chuma cha kafukufuku, kapena kukhala pampando wovomereza mapangano ndi mabungwe amenewa. Mlendo akadza ndi kalumo kake mulandireni, mumpatse mpando ndi madzi akumwa monga mwa mwambo wathu. Koma musangopereka mutu kuti akumeteni. Yang'anitsitsani momwe akukagwirira, mufunse komwe adakasulira, ndipo muphunzire kusula kanu iye asadatsanzike.